Agogo Akaiwala Nkhope Yanu, Si Ufiti

Mai wina wa ku Kapata muno m'Chipata anabwera ku cipatala misozi ili m'maso. Amai ake omubala anali atayamba kumufunsa kuti, "Kodi inu ndinu ndani?" Acibale ena anati agogowo alodzedwa, ena anati ndi mfiti. Ine monga wanchito wa m'cipatala ndikuti awa ndi matenda.

Tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri. Kusokoneza nkhope ya mlendo si matenda. Munthu amene munakhala naye m'basi ya ku Lusaka, mawa mungamupitirire pa msika. Ngakhale kuyerekeza mlendo ndi cithunzi ca pa citupa cake ca NRC nkovuta. Makompyuta nawonso amaphonya. Iwo amasandutsa nkhope kukhala manambala nkuyerekeza ndi zithunzi zosungidwa. Mu 2019 bungwe la boma la America lochedwa NIST linapeza kuti makina ambiri otere anali kusokoneza nkhope za anthu a mu Africa kuposa za azungu.

Koma mwana wanu mumamudziwa ngakhale kuli cisisira, ngakhale amete mpala kapena anenepe. Nchito imeneyi imacitika kunsi kwa ubongo cakumbuyo, makamaka kumanja. Malowa akaonongeka ndi sitiroko kapena kuvulala m'mutu, maso amaona bwinobwino koma nkhope sizidziwika. Dokotala wa ku Germany, Joachim Bodamer, anacha vutoli prosopagnosia mu 1947. Wodwala wotere amakudziwani mukalankhula. Kwa okalamba, matenda oiwalaiwala ochedwa dementia nawonso amafufuta nkhope pang'onopang'ono.

Ndiye ticite ciani? Vutoli likayamba mwadzidzidzi, makamaka ngati pakamwa papindika kapena dzanja lafooka, thamangirani ku cipatala nthawi yomweyo. Likabwera pang'onopang'ono, yambirani ku kiliniki, ndipo angakutumizeni ku Chipata Central Hospital. A ku Lusaka muli ndi UTH ndi Chainama. Pimitsani BP kawirikawiri, cifukwa ikakwera imabweretsa sitiroko.

Panyumba, chulani dzina lanu polowa m'cipinda ca agogo. Musawayese ndi mafunso. Ikani kapepala ka dzina lao ndi nambala ya foni yanu m'thumba mwao.

Ndipo inu a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, mukapeza nkhalamba yasokera usiku, musatole miyala. Iperekezeni ku polisi kapena ku kiliniki. Kwinakwake kuli ana amene akuifunafuna.