Karate ya m'chigafa ilankhule Chichewa

Pa tchuthi chapitachi ndinachita chinthu chimene amayi anga sanachivomerezebe: ndinayamba kuphunzira karate. Kwathu ndi kwa Njombwa, m'boma la Kasungu, kumene chaka timachiwerenga ndi fodya. Nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kudinda mabelo, kenako ulendo wa ku msika wa Chinkhoma. Mabelo akapita zigafa zimangokhala pululu, ndipo m'chigafa china chotere ndi mmene anyamata anakonza jimu yawo. Musaganize za magalasi ndi makina. Muli zitsulo ziwiri za galimoto yakufa zokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, komanso thumba la feteleza lodzaza mchenga lolendewera pa mtanda. Katatu pa sabata, bambo wina amene anaphunzira karate ali pa ntchito ku Johannesburg amasesa pakati n'kuyamba kuphunzitsa.

Tsiku loyamba anatindandalika motsata luso, osati zaka. Ine wa zaka 22 ndinaima kumapeto, kumbuyo kwa kamnyamata ka Sitandade 5. Mphindi zisanu zisanathe miyendo inali njenjenje. Kamnyamatako kanacheuka n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, bondo lakutsogololo lipinde, musaime ngati muli pa mzere wa makuponi." Munthu amene ndimajambula mitengo ya ziganizo m'kalasi ndinalephera kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere. Koma kuwawa kwa ntchafu kunatha patapita masiku. Chimene sichinathe ndi vuto la m'makutu.

Zonse zolamula zinali m'Chijapani. "Rei! Hajime! Ichi, ni, san, shi! Yame!" Ndinafunsa mnzanga wina tanthauzo la gedan barai, iye anangotsitsa mkono n'kunena kuti, "Ndi iyi." Wakhala akutchula mawuwa miyezi yambiri koma sanauzidwepo chimene akunena. Mwa njira ina ndinasangalala, pakuti lilime la anyamatawa linali litayamba kale ntchito yake: amati "gedani balayi", kuika lembo la liwu kumapeto monga timachitira ndi buku kapena supuni. Mawu anali atalowa m'kamwa koma tanthauzo linatsala ku Japan.

Nditafika kunyumba amayi anandikhazika pansi. "Mwana wanga, ndalama za fodya zimene tikukulipirira sukuluzi ukufuna tikazithere ku polisi?" Sindingawanene. Karate imene iwo amaidziwa ndi ya m'mavidiyo shoo, ya Bruce Lee, Jet Li ndi Van Damme, kumene munthu mmodzi amathyola makosi a anthu makumi awiri. Amadziwanso zimene zimachitika m'mabawa nyengo yogulitsa fodya, ndalama zikatentha m'matumba. Kenako anandifunsa funso limene labala nkhani ino: "Nanga akamakuwa muja amakhala akukuuzani chiyani?" Ndinasowa chonena.

Ndinakafufuza, ndipo zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi. Karate ndi "dzanja lopanda kanthu". Sensei, dzina limene timaitanira aphunzitsi, ndi "wobadwa poyamba", ganizo limene Mchewa aliyense amalidziwa. Rei ndi ulemu, ndipo ndi mawu otsegulira ndi kutsekera phunziro lililonse. Yame ndi "lekani", ndipo akamveka nkhonya imaima ngakhale ili kale m'njira. Gedan barai ndi "kusesa m'munsi", kutanthauza kuphera kumbali chimene chikubwera kudzakumenya. Kata yoyamba, ndiye kuti mndandanda wa mayendedwe umene wophunzira amaloweza, imayamba ndi kusesa kumeneku, osati ndi kumenya. Yankho lonse la nkhawa ya amayi linalimo m'chigafa muja, koma litatsekeredwa m'chilankhulo chimene ngakhale ophunzira sakuchimva.

Maganizo anga ndi akuti karate ya kumudzi iziphunzitsidwa m'Chichewa. Taonani mmene zinthu zilili lero. Anyamata omasulira mafilimu anaika kale ndewu ya karate m'Chichewa, ndipo amaikometsa ndi nthabwala mpaka mwana wa zaka zisanu amaitsanzira pabwalo. Mbali ya ukali tinaimasulira. Mbali ya mwambo ndi kudziletsa sitinaikhudze. Ndiye tikudabwa chiyani makolo akamati masewerawa ndi sukulu ya zigawenga?

Nditawauza aphunzitsi zimenezi, mwaulemu ndithu, anapukusa mutu. Anati mawu a Chijapani ndi mwambo wa masewerawa, ndipo wophunzira wa kwa Njombwa akapita ku mpikisano ku Lilongwe kapena kunja adzamva zomwezo. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona ndipo sindikuikana. Mayina akhale, monga mmene penate ndi kona zinakhalira mu mpira. Koma wosewera mpira aliyense angathe kufotokozera agogo ake m'Chichewa chifukwa chimene penate yaperekedwera. Ndi pamenepo pamene karate yathu sinafike.

Za mwambozo ndiye ndikutsutsa. Karate sinabadwire ku Tokyo. Inachokera pa chilumba cha Okinawa, chimene chili ndi chilankhulo chakechake, ndipo inatengera zambiri ku China. Gichin Funakoshi ataionetsa ku Tokyo mu 1922, anaona kuti anthu a kumeneko sangailandire ndi mayina achilendo. Kata zotchedwa Pinan anazitcha Heian, Naihanchi inasanduka Tekki. Ngakhale kalembedwe ka dzina lakuti karate kanasinthidwa m'zaka za m'ma 1930, kuchoka pa "dzanja la ku China" kukhala "dzanja lopanda kanthu". Choncho Chijapani chimene tikuchiopa kuchikhudzachi n'chomasulira kale. Mkuluyo anachita zimene ine ndikupempha: anaika masewerawa m'mawu amene ophunzira ake akanamva.

Apa ndiloze chala ife tomwe a m'dipatimenti ino. Timalemba mapepala ataliatali odandaula za ndondomeko ya 2014 yoti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, imene inachotsa ija ya 1996 yolola zilankhulo za makolo m'makalasi oyambirira. Timanyadira Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa mu 2000. Zonsezi n'zabwino. Koma chilankhulo chimakulanso kapena kufota m'malo ngati chigafa chija, kumene kulibe nduna yolamula, ndipo ife sitipondako.

Ndinayesa ndekha, ndipo ntchitoyi si yophweka monga ndinkaganizira. Pali kaimidwe kotchedwa kiba dachi: miyendo tang'a, mawondo opinda, msana chilili. Ndinamasulira kuti "kaimidwe ka wokwera hatchi", monga mmene Chijapani chikunenera. Anyamata anaseka, poti ndani anakwerapo hatchi kwa Njombwa? Kamnyamata ka Sitandade 5 kaja kanati, "Ife timati kukhala pampando kulibe." Ndinafufuta zanga n'kulemba zake.

Pa kuwerenga ndiye ndinagonjeratu. Aphunzitsi anandilola kuwerengera gulu m'Chichewa Lachisanu lina. "Modzi, wiri, tatu, nayi, sanu" zinayenda bwino ndi nkhonya. Titafika pa "zisanu ndi chimodzi" manja anali atabwerera kale ine ndikadali pakati pa mawu, ndipo pa "zisanu ndi ziwiri" gulu lonse linali litagwa ndi phwete. Tinagwirizana zowerenga kufika pa zisanu n'kuyambiranso. Sizinakongole kwenikweni, koma zikutheka.

Pobwerera kuno ku sukulu ndinali ndi mawu 14 m'kope, ndipo lamba wanga akadali woyera. Usiku womaliza ndinawawerengera amayi mndandandawo mmodzimmodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Pa rei anagwedeza mutu. Pa yame anafunsa ngati anyamatawo amalekadi akauzidwa, ndipo ndinati amaleka. Nditafika pa "kusesa m'munsi" anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ngati n'kusesa kumene ukupitira kumeneko," anatero, "tsache lili kuseri kwa chitseko."