Zofuna za anthu a pa Chinakanaka pa kalembedwe ka ntchito ku bungwe la akazitape

Kwa Mkulu wa bungwe la National Intelligence Service (NIS),
Kwa Wapampando wa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo,
Kwa Mlembi Wamkulu mu ofesi ya Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake,
Kudzera kwa Bwanamkubwa wa boma la Mulanje.

Mabwana,

Ife makolo, achinyamata, amalonda ndi akabaza a pa Chinakanaka ndi midzi yozungulira talemba chikalatachi kuti muchitepo kanthu. Sitikupempha chifundo. Bungwe la akazitape limayenda ndi misonkho yathu, ndipo gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko limanena poyera kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu. Muli pa mipandoyo m'malo mwathu, choncho muli ndi udindo wotiyankha.

Nkhani ndi iyi. Kuno kuli anyamata ndi atsikana ambiri amene anakhoza MSCE, ena ali ndi madipuloma ndi madigiri, koma akupalasa kabaza, akuthyola tiyi m'maesiteti, akugulitsa kaunjika pamsika. Kwa mwana wotere ntchito ya boma ndi moyo. Pali anthu ena amene amadziwa njala imeneyi. Amayenda mwakachetechete, kuuza ana athu kuti ali ndi njira yolowera ku ukazitape. Ena amafuna ndalama. Ena amafuna kalata ya wapampando wa chipani. Oopsa kwambiri ndi amene amati mwana ayambe waonetsa kukhulupirika: azibweretsa maina a amene apita ku msonkhano wa uje, amene alandira nsalu ya uje, zimene wanena mfumu pamaliro. Ngati anthu amenewa ndi anu, alekeni. Ngati si anu, agwireni.

Sitikuletsa ana athu kugwira ntchito ya ukazitape. Dziko lililonse lili ndi akazitape, ndipo ife a ku Mulanje tikudziwa kufunika kwawo kuposa ambiri. Tili pa malire a Muloza. Mikungudza ya m'phiri yatha ndi akuba. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka kuno, anthu osalakwa anaphedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'boma lino ndi ku Phalombe. Imeneyo ndiyo ntchito yofuna makutu akuthwa. Chimene tikukana ndi chakuti mwana alembedwe ntchito kuti azisuzumira anzake pofuna kukonzera munthu mmodzi njira ya ku mpando.

Zimene zimachitika akuluakulu akayamba kulimbirana kulowa m'malo mukuzidziwa. Mu 1977 a Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, ananyongedwa, ndipo a Focus Gwede, amene anali mkulu wa Special Branch ndi kutsekera anthu ambiri ku Mikuyu, nawonso anakathera m'ndende momwemo. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Amene anagwira zida usiku umenewo anali apolisi otumidwa, ana a anthu ngati athuwa. Mu December 1993 asilikali atalanda zida apayoniya, anyamata wamba ndi amene anathawira ku Mozambique, owatuma anatsala m'nyumba zawo. Pa 24 September 2011 Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, anapezeka atafa pasukulupo. Poyamba zinamveka kuti wadzipha, koma komiti yofufuza inapeza kuti anachita kuphedwa. Mlandu suola.

Za mu April 2012 sitingazitchule ngati za kutali. A Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April, nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema usiku kunena kuti Mayi Joyce Banda sangalowe m'malo, pomwe gawo 83 la malamulo likuti wachiwiri ndiye amatenga mpando. Awiri mwa ndunazo, Mayi Patricia Kaliati ndi a Kondwani Nankhumwa, anali aphungu a kuno ku Mulanje. Dziko linapulumuka chifukwa asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, anatsata malamulo, ndipo Mayi Banda analumbiritsidwa pa 7 April. Patangopita zaka ziwiri, mmodzi mwa ndunazo, a Nicholas Dausi, anasankhidwa kukhala mkulu wa akazitape. Boma litasintha mu 2020, amene anali pa mpandowo nthawiyo anasinthidwanso. Chipani chilichonse chikalowa chimaika wake. Nanga mnyamata wolembedwa pansi pa mkulu wochokayo amaoneka bwanji m'maso mwa wobwerayo?

Chisankho cha pa 16 September 2025 chinadutsa, ndipo m'zipani zikuluzikulu zonse funso la amene adzatsogolere mu 2030 layamba kale kunong'onedwa. Boma la Mulanje lili pakati pa mpikisanowu, ndipo ana athu ndi amene akhale oyamba kufunidwa. N'chifukwa chake tikufuna zotsatirazi. Masiku onse awerengedwe kuyambira tsiku limene Bwanamkubwa wasainira kuti walandira chikalatachi.

Choyamba, pasanathe masiku 14, bungwe la NIS lilengeze pa wailesi, m'Chichewa, njira yokhayo yolowera ntchito kumeneko: maphunziro ofunika, zaka zakubadwa, komwe kalata imapita. Linenenso momveka kuti ntchitoyi sigulidwa, ndi kuti kalata ya phungu, ya nduna, ya mfumu kapena ya wapampando wa chipani ilibe ntchito. Chilengezocho chimatidwe pa ofesi ya Bwanamkubwa, pa polisi ndi pa msika wa Chinakanaka. Musatiuze kuti zimenezi ndi zachinsinsi. Sitikufuna maina a akazitape kapena komwe akugwira ntchito. Tikufuna kudziwa khomo lolowera, basi.

Chachiwiri, pasanathe masiku 21, apolisi a ku Mulanje atsegule kafukufuku pa anthu amene akutolera ndalama kapena maina polonjeza ntchito ya ukazitape. Achinyamata amene abwere kudzapereka umboni asamangidwe ndiponso maina awo asaululidwe.

Chachitatu, pasanathe masiku 30, Mkulu wa bungweli atulutse lamulo lolembedwa, lopita kwa wantchito aliyense, loletsa kufufuza misonkhano ya zipani, mipikisano ya m'kati mwa chipani, misonkhano ya mafumu, mipingo ndi miyambo ya chikhalidwe monga ya ku Chonde, ndi cholinga chothandiza kapena kugwetsa munthu wofuna mpando. Lamuloli likhudze chipani cholamula ndi zotsutsa mofanana. Gawo 21 la malamulo limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, kuphatikizapo mafoni ndi makalata ake, ndipo palibe mpikisano wa chipani umene ungachotse ufulu umenewu. M'lamulo lomwelo mulembe kuti wantchito wokana kutumidwa zoterezi sadzachotsedwa ntchito, sadzatsitsidwa, sadzasamutsidwa ngati chilango. Apa ndi pamene tikulimbikira kwambiri, chifukwa mwana wongolembedwa kumene, amene akudyetsa abale khumi kumudzi, sangauze bwana wake kuti iyayi ngati palibe pepala lomuteteza. Mukamusiya wopanda chitetezo, ndiye kuti mwamusankhira kale chochita.

Chachinayi, pasanathe masiku 30 omwewo, mutiuze komwe munthu wolakwiridwa ndi akazitape angakadandaule: bwalo lake, amene akukhalamo, adiresi ndi nambala ya foni. Madandaulo azilandiridwanso pa ofesi ya Bwanamkubwa, chifukwa wa kabaza wa pa Chinakanaka alibe ndalama yokwerera basi ya ku Lilongwe.

Chachisanu chikupita ku komiti ya Nyumba ya Malamulo. Pasanathe masiku 60, itanani Mkulu wa bungweli adzafotokoze mmene anthu akhala akulembedwera ntchito kuyambira 2014, pansi pa maboma onse. Muone ngati malo analengezedwa, ngati mayeso analembedwa, ngati maboma onse 28 a dziko lino anapatsidwa mwayi. Zachinsinsi mumvere m'chipinda chotseka, koma zotsatira zake mutiuze poyera. Tikunena izi tikudziwa kuti ena akuganiza kuti ino ndi nthawi ya ife Alhomwe kudya. Sitikufuna kukonderedwa. Kukondera kwa lero ndiko kumachotsetsa ana athu ntchito mawa, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu kapena dera, kaya likutikomera kaya likutipweteka. Mwana wa ku Chitipa, wa ku Dowa ndi wa ku Mulanje alembe mayeso amodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, pasanathe masiku 90, komiti yomweyo ibweretse ku Nyumba ya Malamulo maganizo okhwimitsa lamulo la bungweli, kuti munthu amene wakhala nduna, phungu kapena pa udindo wa chipani m'zaka zisanu zapitazo asasankhidwe kukhala mkulu wa akazitape, ndi kuti mkuluyo asachotsedwe kokha chifukwa boma lasintha.

Chomaliza chikupita ku ofesi ya Mtsogoleri wa dziko. Pasanathe masiku 90, lembani ndi kulengeza ndondomeko ya zimene akazitape, apolisi ndi asilikali ayenera kuchita mtsogoleri akamwalira kapena akalephera kugwira ntchito: amene amauzidwa, amene amalengeza, maola angati asanadutse, ndi amene amamvera kuyambira ola limenelo. Mu 2012 dziko linakhala masiku awiri m'mabodza. Wantchito aliyense watsopano aphunzitsidwe gawo 83 asanapatsidwe ntchito iliyonse, ndipo asainire kuti walimva.

Yankho lanu likhale lolembedwa, lidutse kwa Bwanamkubwa, ndipo lidzawerengedwe pamsonkhano wa anthu onse pa Chinakanaka. Mawu a pakamwa ochokera kwa nthumwi sitilandira. Tsiku lililonse limene taikali likadutsa popanda yankho, tidzatengera mfundo imeneyo kwa Ombudsman ndi ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, tidzafunsa zikalata pogwiritsa ntchito lamulo lopezera uthenga limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo masiku 90 akakwana tidzadziwitsa Bwanamkubwa ndi apolisi za tsiku la zionetsero zamtendere, monga gawo 38 likutilolera, kuchokera pa msika wa Chinakanaka mpaka pa ofesi ya boma ku Mulanje.

Ndife,
Makolo, achinyamata, amalonda ndi akabaza a pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje.
Maina, masaini ndi zidindo za zala zili pa mapepala amene taphatikiza.