Mboni imene alaliki amaiiwala pa Pasaka

Nyengo ya Pasaka ikafika, m'maguwa ambiri mumamveka zoti akatswiri a mbiri yakale anatsimikizira kale kuti Yesu anauka kwa akufa. Ine ndimakhulupirira kuti anaukadi, koma kulalikira kotere kumandivuta. Kumanena zoposa zimene umboni umanena, ndipo mnyamata amene wawerengako pang'ono akazindikira zimenezi, amayamba kukayika ngakhale zoona zomwe.

Za imfa yake palibe mkangano weniweni. Tacitus, mlembi wachiroma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba cha m'ma 116 kuti Khristu anaphedwa ndi Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo. Ena amati opachikidwa sankaikidwa m'manda. Kawirikawiri zinalidi choncho, komatu mu 1968 ku Yerusalemu anapeza mafupa a munthu wina dzina lake Yehohanan, msomali ukadali m'chidendene, atasungidwa m'manda mwaulemu.

Nkhani ya manda opanda mtembo ndiyo timaikonda kwambiri, chonsecho ili ndi pofooka. Mabuku anayi a Uthenga Wabwino sagwirizana pa chiwerengero cha amayi amene analawirira kumanda, ndipo m'mabuku akale kwambiri, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, Marko amathera pa 16:8, Yesu woukayo asanaonekere kwa aliyense. Chimene chimailimbitsa n'chakuti oyamba kuona anali amayi. Josephus, mlembi wachiyuda, analemba kuti umboni wa mkazi usamalandiridwe pa mlandu. Wopeka nkhani akanatsogoza amuna.

Kwa ine umboni wolemera uli m'makalata a Paulo, amene analembedwa Mauthenga Abwino asanalembedwe. Mu 1 Akorinto 15, kalata ya cha m'ma 54, Paulo akutchula anthu amene anaona Yesu atauka, ndipo akuti mndandandawo anachita kulandira kwa ena. Mu Agalatiya akufotokoza kuti patapita zaka zitatu chitembenukireni anakhala kwa Petro masiku 15, nakumananso ndi Yakobo, m'bale wake wa Yesu. Apa palibe mibadwo yoti nthano ikule. Anacheza ndi eni nkhani, anthu a pa mndandanda uja.

Yakobo ameneyu ndiye sitimulalikira mokwanira. Marko akusimba kuti abale a Yesu anapita kukamugwira poganiza kuti mutu wake wasokonezeka, ndipo Yohane akuti abale akewo sankamukhulupirira. Tonse tikudziwa kuti munthu amene munadyera naye mbale imodzi muli ana ndiye womaliza kukugwadirani. Koma Yakobo yemweyu anadzakhala mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, ndipo Josephus, amene sanali Mkhristu, akuti mu 62 mkulu wa ansembe Ananus anamuweruza kuti aponyedwe miyala.

Kodi zimenezi zikutsimikizira kuti Yesu anauka? Ayi. Zikutsimikizira kuti anthu amenewa, imfa ija itangochitika kumene, anakhulupirira ndi mtima wonse kuti amuona. Mfundoyi ngakhale okayika monga Bart Ehrman amaivomereza. Wokayika wina, Gerd Lüdemann, anati Petro anaona masomphenya chifukwa cha chisoni ndi kudziimba mlandu atamukana Ambuye wake, ndipo Paulo chifukwa cha nkhondo ya mumtima mwake. Ndi maganizo oyenera kuwamvetsera mwaulemu, osati kuwatemberera. Koma aliyense akumupezera nthenda yakeyake. Nanga Yakobo, amene sanali wophunzira wa Yesu ngati Petro kapena womuzunza ngati Paulo, timupezera iti?