Tiziyamba Taŵerenga Nambala

Ife aphunzitsi tikalandira mabuku, timayamba tatsegula tsamba la kuseri kwa mutu, pamene osindikiza amalembapo chaka ndi kuti bukulo lasindikizidwa kachingati. Timatero pakuti mabuku aŵiri angathe kufanana chikuto, koma lina lili ndi zolakwa zimene m'linzake zinakonzedwa kale.

Mapulogalamu a kompyuta nawonso amakonzedwa kaŵirikaŵiri, ndipo kukonza kulikonse kumapatsidwa nambala yake, imene akatswiri amaitcha veshoni. Koma pulogalamu ilibe tsamba loti munthu n'kutsegula. Nanga tingadziŵe bwanji yatsopano ndi yakale?

M'chaka cha 1972, Marc Rochkind wa ku Bell Labs, ku America, anayambitsa njira yosungira mbiri ya mapulogalamu yotchedwa SCCS. Wolemba pulogalamu amaika m'kati mwake chizindikiro ichi, @(#), chotsatidwa ndi dzina, nambala ndi tsiku. Tsono kachida kotchedwa what kamasanthula pulogalamu yonse, ndipo kakapeza chizindikirocho kamaonetsa mawu otsatirawo. Mu 1982 Walter Tichy wa pa yunivesite ya Purdue anatulutsa njira ina, RCS, ndipo kachida kake, ident, kamagwira ntchito yofananayo.

Wina angayese kuti zimenezi n'zazing'ono. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America, yogula ndi kugulitsa masheya, inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yatsopano. Mwa makompyuta ake 8, imodzi inatsala ndi yakale, ndipo panalibe munthu wachiŵiri wotsimikiza kuti onse alandira yatsopanoyo. M'mphindi 45 zokha kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni.

Makolo anzathu, nkhaniyi ikutikhudza nafenso, popeza m'mafoni mwathu timasungamo ndalama ndi zinsinsi za banja. Foni imene pulogalamu yake inaleka kukonzedwa ili ndi mipata imene akuba amaidziŵa. Pa foni ya Android nambalayo timaipeza potsegula Settings, kenaka About phone. Pa kompyuta ya Windows timalemba mawu akuti winver.

Inu achinyamata, amene zala zanu zinazoloŵera zinthu izi, khalani pansi ndi makolo anu muwaonetse pamene pali nambalayo. Ndipo tsiku limene banja likagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, musakopeke ndi kuŵala kwa galasi lake. Yambani mwaŵerenga nambala, kenaka mufunse mtengo. Paja akulu anati safunsa anadya phula.