Mafuta a m'magazi satsukidwa ndi botolo

Masiku ano munthu akangoulula kuti dokotala wamupeza ndi kolesitolo wokwera, dzuwa sililowa asanalandire malangizo. Wina akuti imwani madzi a mandimu m'mamawa, wina akuti tafunani adyo, wina akutumiza pa WhatsApp chithunzi cha botolo lomwe akuti limatsuka mitsempha. Anthu othamangira kumeneko sindikuwanyoza. Kuuzidwa kuti uzimwa mapiritsi kwa zaka zambiri kumaopsa. Koma mtsempha si paipi yoti n'kuthiramo mankhwala, dothi lonse n'kutuluka.

Kolesitolo wambiri amene ali m'magazi amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ndipo thupi limamufuna. Vuto limayamba pamene mtundu wina, womwe madokotala amautcha LDL, wachuluka. Umamatirira m'kati mwa mitsempha pang'onopang'ono, osamva kuwawa kulikonse, mpaka tsiku lina njira ya magazi opita kumtima kapena ku ubongo yatsekeka. Pa zakudya, chomwe chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta aja amaundana ndiwo zikazizira: a nyama yonona, a soseji, batala.

Kuti chakudya chingasinthe zinthu, umboni ulipo. M'chaka cha 1972, kudera la North Karelia ku Finland, amuna ankafa ndi nthenda ya mtima akadali ndi mphamvu zogwira ntchito. Dokotala wachinyamata Pekka Puska ndi anzake sanabweretse mankhwala achilendo ayi. Adayenda m'midzi, m'masitolo ndi m'mabungwe a amayi kulimbikitsa anthu kusiya batala n'kuyamba mafuta ochokera ku zomera, kuchepetsa mchere, kudya masamba ndi zipatso, komanso kusiya fodya. Patatha zaka 40, imfa za nthenda ya mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zidatsika ndi maperesenti opitirira 80.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti zakudya zomwe anthu a ku Finland adachita kuphunzitsidwa, ife tili nazo kale, koma tikuzithawa ati n'zaumphawi. Nyemba, nandolo, khobwe ndi therere zili ndi ulusi umene umagwira kolesitolo m'matumbo n'kutuluka naye. Nsinjiro zomwe timatendera nkhwani zili ndi mafuta abwino, chimodzimodzinso mapeyala. Mgaiwa umasunga gaga yemwe ufa woyera umataya. Koma munthu akangoyamba kulandira malipiro abwino, usipa umachoka patebulo, m'malo mwake pamabwera kanyenya madzulo aliwonse ndi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta omwe adapsa kale mpaka kuda. Mimba ikatuluka timamuyamikira kuti zinthu zikuyenda. Ngakhale mtunda woti n'kuyenda pansi, timakwera kabaza. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mofulumira n'kokwanira.

Ndiye palinso mchere. Kolesitolo sayenda yekha. Mnzake woopsa ndi BP, vuto la kuthamanga kwa magazi lomwe mchere wambiri umalikulitsa. Kafukufuku wa STEPS amene adachitika m'Malawi m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. WHO imati mchere usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mukawerengera wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi uja timanyunyira pa chimanga chootcha, ambirife timadutsa muyeso umenewu.

Za adyo ndi chammwamba, idyani, ndi zakudya zabwino. Koma musasiye mapiritsi amene mwapatsidwa kuchipatala chifukwa cha izo. Amene amakana mapiritsi ponena kuti akufuna zachilengedwe adziwe kuti mankhwala otsitsa kolesitolo otchedwa statin adachokera ku nkhungu. Wasayansi wa ku Japan Akira Endo ndiye adawapeza m'zaka za m'ma 1970. Kusiyana kwake ndi botolo la mumsewu n'kwakuti mankhwalawa adayesedwa pa anthu ochuluka, ndipo mlingo wake ndi zovuta zake zimadziwika.

Pali anthu enanso omwe chakudya chokha sichingawathandize, chifukwa vutoli adabadwa nalo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 250 ali ndi kolesitolo wokwera wa kumtundu, ndipo amatha kukhala wochepa thupi, wodya mosamala. Ngati bambo anu, mayi anu kapena m'bale wanu adadwala mtima asanakalambe, pitani mukayezetse magazi ngakhale mukumva bwino, ndipo mukawauze a dokotala mbiri ya kwanuyo.