MBIRI YA MIPINGO: Cifukwa Cace a Presbyterian Ali ndi Maina Ambiri

Makolo ambiri a ku Lundazi ndi ku Chipata amadabwa pakumva kuti ana ao okhala ku Woodlands, Kabwata ndi Chelstone mu Lusaka amalowa mipingo yosiyana, wina CCAP, wina RCZ, winanso UCZ, cikhalirenico mapempheredwe ace ngofanana. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yace.

Dzina lakuti Presbyterian licokera ku liu la Cigriki lotanthauza mkulu. Mpingo wotere suweruzidwa ndi bishopu, koma ndi abusa pamodzi ndi akulu osankhidwa ndi akristu eni ace. Mwambo umenewu anthu anauvutikira. Ku Scotland eni minda olemera anali ndi mphamvu yoikira mpingo mbusa, ngakhale akristu amkane. M'caka ca 1843 abusa oposa 400, motsogozedwa ndi Thomas Chalmers, anakana zimenezi, nasiya nyumba ndi malipiro ao, nayambitsa Free Church of Scotland.

Mpingo umenewo ndiwo unatsegula misyoni ya Livingstonia pa nyanja ya Malawi mu 1875, kumene Dr Robert Laws anatumikira zaka zoposa 50. Kucokera kumeneko Uthenga unafika ku Mwenzo, ku Chasefu ndi ku Lubwa, kumene David Kaunda, atate a Pulezidenti woyamba wa dziko lino, anaphunzitsa. Mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kukhala CCAP. Pamene UCZ inabadwa mu 1965, akristu a ku Mwenzo ndi Lubwa analowamo, koma a ku Lundazi anatsala pansi pa Livingstonia kufikira 1984, pamene analandira sinodi yaoyao.

RCZ inadzera njira yina. Amisyoni a Dutch Reformed ocokera ku Orange Free State, South Africa, anamanga msasa pa Magwero pa 5 July 1899, atanyamula Katekisima wa Heidelberg wa 1563. Mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa kuno kwathu, ndipo sukulu ya abusa ya ku Chamba Valley, Lusaka, imachedwa ndi dzina lace.

Tsono mwana akamanka ku tauni, makolo asade nkhawa ndi dzina lolembedwa pakhomo la chalichi. Cofunika ndico kumtengera kalata ya akulu a mpingo wa kwao, kuti akulu a kumene apitako akamlandire ndi kumyang'anira.