A Phalombe, Voti Yathu Isakhale Yodziwikiratu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo m'nyuzipepala yanu pa momwe ife a ku Phalombe takhala tikuvotera pulezidenti.

Pa chisankho cha pa 17 May 1994, Phalombe ili pansi pa Mulanje, tinavotera a Bakili Muluzi pamodzi ndi anzathu ambiri a kummwera. Chigawo chapakati chinatsata a Kamuzu Banda, kumpoto a Chakufwa Chihana. Aliyense anathamangira wakwawo.

Koma mu 2009 a Bingu wa Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo anapambana ngakhale kumpoto. Chinawakweza ndi makuponi a feteleza ndi chimanga m'nkhokwe. Apa Amalawi anavotera ntchito.

Pa chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, Phalombe inaunjikira a Peter Mutharika mavoti, koma anapambana ndi a Lazarus Chakwera. Kukonda chipani si mlandu. Nkhawa yanga ndi yoti boma lomwe voti yake imadziwika kampeni isanayambe limaiwalika. Amene timawavotera amati awa ndi athu kale, enawo amati tikatayirenji nthawi kumeneko.

Chiyambire 2020, wopambana amayenera kupitirira theka la mavoti onse, choncho voti iliyonse ili ndi mtengo. Wofuna yathu ayambe watiuza za msika wa nandolo, ndi malo okhala omwe anasamutsidwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023.

Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Phalombe.